Kwa mlongo wa ku Tsangano amene akufuna kuphunzira filozofiya ali ndi zaka 36

Mlongo wanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi zaka 36 ndi ana atatu, mumaphunzitsa kalasi 4 kumudzi kwina ku Tsangano, kalasi 12 munamaliza pa sukulu ya usiku, ndipo chikumanireni ndi phunziro la filozofiya mtima wanu sunakhazikike. Mukufunsa ngati simunachedwe, ndiponso ngati achibale akunena zoona akamati maphunziro amenewa ndi a ansembe ndi anthu osowa chochita. Ena pagulu pano akulangizani kale kuti mukaphunzire zowerengera ndalama. Ine ndikuti filozofiyayo kaphunzireni, koma mundimve kaye mpaka kumapeto.

Ineyo ndinali wowotcherera zitsulo. Kwathu ndi ku Domué, ntchito ndinaigwira ku Moatize, kenako ndinatsikira ku Matola. Ku yunivesite ndinalowa ndili ndi zaka 39, m'makalasi a usiku amene amati pós-laboral. Masana moto ndi chitsulo, madzulo shapa (minibasi), kukafika m'kalasi maso akuyabwa. Anzanga ambiri anali ana oti ndingawabereke, ena atangotuluka kuseminale, mayina a Agiriki ali pamlomo ngati mayina a asuweni awo. Tsiku lina mphunzitsi wina anatenga pepala langa n'kuliwerenga mokweza, akuyeserera Chipwitikizi changa, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Ndinakhala milungu iwiri osapondako.

Chimene chinandibweza ndi funso limene linkandidya kuyambira cha m'ma 2010, pamene mabanja mazanamazana a ku Moatize ankasamutsidwa kupita ku Cateme kuti malasha akumbidwe. Munthu akakupatsa nyumba yamalata ndi munda wina, koma n'kukuchotsa pamalo pamene agona makolo ako, kodi wakubwezera zonse? Ngati sanabweze zonse, chotsalacho n'chiyani, ndipo ungachifotokoze bwanji kuti ngakhale munthu wosakhulupirira za mizimu avomere kuti chilipodi? Funso limenelo palibe amene akanandiyankhira kuntchito, ndipo anyamata a kuseminale aja sanali nalo. Linali langa. Ndi limene ndinalembapo monografiya yanga, kafukufuku womalizira digiri, ndipo lero ndimaphunzitsa filozofiya pa sekondale ina kuno ku Angónia.

Ndiye za zaka musadere nkhawa. Sophie Oluwole wa ku Nigeria anabadwa mu 1935, anayamba ndi uphunzitsi ngati inu, analera ana, ndipo udokotala wake wa filozofiya anaulandira ku Ibadan mu 1984, akuyandikira zaka 50. Anali mkazi woyamba kuulandira m'dziko lawo, ndipo moyo wake wotsala anauthera pofufuza nzeru za Ayoruba n'kumaziyerekeza ndi za Sócrates, woganiza wakale wa Agiriki. Ludwig Wittgenstein anayamba ndi uinjiniya, ndipo kuchokera mu 1920 mpaka 1926 ankaphunzitsa ana a pulaimale m'midzi ya ku Austria. Komabe mayina amenewa sakulipirirani propina (ndalama za sukulu), choncho tiyeni tikambe za pansi pano.

Ntchito musaisiye. Izi ndikunena motsindika chifukwa ndaona anthu akupsa mtima ndi chidwi, n'kutula pansi choko, patatha chaka n'kubwerera opanda digiri, opanda malipiro. Inu muli kale m'boma, ndipo mwayi wanu uli pamenepo. Mphunzitsi wa lisensiatura, digiri yoyamba ya ku yunivesite, amawerengedwa N1, gulu lapamwamba la aphunzitsi, kotero maphunziro amenewa angathe kukukwezani, ngakhale kusintha kareyira (gulu la ntchito) kumadikira ndalama za boma ndipo kumachedwa. Musanalembetse kulikonse, pitani ku ofesi ya maphunziro ya distrito mukapemphe chilolezo chopitiriza maphunziro, ndipo chikhale cholembedwa papepala, chodindidwa. Mawu apakamwa a mkulu amene mawa angasamutsidwe sadzakuthandizani. Za ntchito ndisakunamizeni: ambiri a ife amene tinaphunzira filozofiya timathera m'kalasi, kuphunzitsa makalasi omaliza a sekondale, ndipo malo ake ndi ochepa chifukwa mphunzitsi mmodzi amakwanira maturuma (makalasi) ambiri. Phunziroli linachotsedwa m'sukulu dziko litalandira ufulu mu 1975, n'kubwezedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Wofuna kulemera msanga asankhe njira ina.

Kokaphunzira kulipo, koma kwambiri n'kutali. Universidade Eduardo Mondlane ili ndi fakulidade yakeyake ya filozofiya ku Maputo, ndipo kolowera kwake ndi mayeso a admissão. Universidade São Tomás nayo ili ku Maputo komweko. Seminale ya Santo Agostinho ku Matola ndi ya okonzekera unsembe, kotero si khomo lanu. Kuchoka mumzinda wa Tete kufika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, ndipo mayi wa ana atatu sanyamuka ulendo wotere ngati akupita kumsika. Yambani ndi zapafupi. Universidade Púnguè, imene inatuluka mu Universidade Pedagógica mu 2019, ili ndi nthambi mumzinda wa Tete, ndipo Universidade Católica ili ndi maphunziro a patali, oti munthu amawerengera kunyumba n'kumapita nthawi ya mayeso. Makosi amatsegulidwa ndi kutsekedwa chaka ndi chaka, choncho werengani nokha edital, chikalata cholengeza makosi, ya chaka chimenecho, musadalire zomva. Mukapeza kuti filozofiya palibe pafupi, funsani za mbiri yakale kapena za kaphunzitsidwe ka Chipwitikizi, muli ndi cholinga chodzalowa filozofiya pa mestrado, digiri yachiwiri. Koma lemberani kaye kumene mukufuna kudzapitako, akuuzeni ngati amalandira anthu ochokera m'maphunziro ena. Kulikonse kumene mungasankhe, funsani ngati kosiyo ndi yovomerezedwa ndi CNAQ, bungwe la boma loona za ubwino wa maphunziro apamwamba. Mnzanga wina analipira zaka zitatu pamalo pena pamene panali chikwangwani chokongola, pepala lake n'kudzakanidwa. Safunsa anadya phula.

Alipo amene angakuuzeni za Zomba, poti kuchokera kwanuko Malawi ndi pakhomo ndipo University of Malawi ili ndi dipatimenti ya filozofiya. N'zoona, koma kumeneko zonse zimayenda m'Chingerezi, mumalipira ngati mlendo, ndipo pobwera pepalalo liyenera kudutsa ku ofesi yoona za equivalência, yovomereza mapepala a kunja. Kwa munthu wa ntchito ya boma kuno, njira imeneyo ndingaiike kumapeto.

Tsopano chimene ndikufuna kwenikweni kuti muchite, ndipo sichifuna ndalama. Dzipatseni chaka chimodzi chodziyesa muli kunyumba. Ambiri amakonda filozofiya ya pakamwa, ija ya pabwalo madzulo, yofunsana kuti moyo n'chiyani. Ya ku yunivesite ndi ina: ndi kukhala ndi tsamba limodzi ola lathunthu, kulibwereza katatu, mpaka utaona pamene wolembayo walumpha mfundo. Ndi kulemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Pezani Apologia de Sócrates ya Platão. Ndi kabuku kakafupi, ka mawu amene Sócrates anadziteteza nawo pamlandu umene anamuphera ku Atenas m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, ndipo kamapezeka kwaulere pa intaneti m'Chipwitikizi. Werengani masamba awiri patsiku, pensulo ili m'manja. Pa ndime iliyonse lembani m'mbali mwake zinthu ziwiri zokha: akunena chiyani, ndipo chifukwa chimene wapereka n'chiti. Mukafika poti mukutha kunena kuti "apa sindikuvomereza, chifukwa chake ndi ichi", mwayamba filozofiya, ngakhale musanaponde pa yunivesite.

Loweruka lililonse lembani tsamba limodzi lanulanu. Mutu woyamba ndikupatsani. Makolo anati mawu a akulu akoma akagonera. Makolo omwewo anatinso tsobola wakale sawawa. Mwambi wina ukuti mverani akale, winawo ukuti zakale zinatha mphamvu. Kodi akutsutsana? Ngati sakutsutsana, ndi pa nkhani ziti pamene ukalamba umapatsa munthu ulamuliro wonena, ndipo ndi pa ziti pamene sumupatsa? Agogo anu amadziwa mitambo ya mvula ya ku Tsangano kuposa inu, koma kodi amadziwa mlingo wa mankhwala opopera kachewere kuposa mlangizi wa zaka 25? Nanga pa nkhani ya kulera mwana wamasiye, kapena kugawa munda wa malemu, kudziwa kwake n'kwa mtundu uti? Musathamangire kuyanjanitsa miyambiyo. Ikanganitseni mpaka muone chimene uliwonse ukubisa. Lembani m'Chichewa poyamba, kuti maganizo atuluke osapunthwa, kenako tsamba lomwelo mulilembenso m'Chipwitikizi. Mudzaona mawu ena akukana kuwoloka. "Nzeru" sikwana bwino mu inteligência kapena mu sabedoria, ndipo tikamati "uyu si munthu" sitikunena kuti ndi mbuzi. Pamene mawu akukana kuwoloka ndi pamene muyenera kukumba.

Ntchito yotere ena anaiyamba kale. Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa ku Zomba, analemba za mmene Achewa amamvera kudziwa ndi umunthu, ndipo zolemba zake zimawerengedwa m'mayunivesite a kunja. Henry Odera Oruka wa ku Kenya ankapita m'midzi ndi chojambulira mawu, kukacheza ndi nkhalamba zoganiza mozama, osati kungolemba zimene zanena koma kuzifunsa mafunso ovuta n'kuona mmene zikutetezera maganizo awo. Inu mumakhala pakati pa anthu otere tsiku ndi tsiku, mumalankhula chinenero chawo, ndipo amakudziwani. Wophunzira wa zaka 19 wa ku Maputo alibe zimenezo.

Koma apa pali dzenje, ndipo ndinagweramo ndekha. Mukadzafika m'kalasi, ena adzafuna kuti mukhale wotolera miyambi basi, mayi wa kumudzi wobweretsa "chikhalidwe" pamene iwo akuchita zoganiza. Nanunso mudzakopeka, chifukwa n'kosavuta ndipo anthu amaombera m'manja. Paulin Hountondji wa ku Benin analimbana kwambiri ndi chizolowezi chimenechi, chonena kuti mtundu wonse uli ndi ganizo limodzi, pamene m'mudzi uliwonse anthu amatsutsana. Ine ndimaona kuti ananena zoona, ngakhale penapake anaumitsa mawu. Kunena kuti "ife Achewa timati kali kokha n'kanyama" si kupereka chifukwa. Muyenera kufunsabe: nanga mtsikana amene mudzi wonse wagwirizana kuti akwatiwe ali ndi zaka 15, akakana yekha, wasanduka kanyama? Kuno kwathu Severino Ngoenha, m'buku lake la 1993 lonena za filozofiya ya mu Africa kuchokera pa ufulu wa mayiko kufika pa ufulu wa anthu, anakankhira maganizo athu kutsogolo, kuti tisamangoyang'ana kumene tachokera koma tifunse dziko limene tikufuna kumanga. Iyeyo ndi José Castiano, katswiri winanso wa filozofiya wa kuno kwathu, mudzakumana nawo ndithu pa maphunziro anu, ndipo ndi bwino kuyamba kuwawerenga panopa. Platão, Descartes ndi Kant muwawerengenso mwakhama lomwelo. Ndi anu monga mmene alili a wina aliyense amene wawatsegula.

Lojika, phunziro la kaganizidwe kolondola, musaithawe. Ndi imene imagwetsa achikulire ambiri chaka choyamba, chifukwa ili ndi zizindikiro zonga masamu ndipo tinasiya kalekale kukhala pa desiki. Tengani buku la kalasi 11 ndi la kalasi 12, mubwereze masilojizimu (mfundo ziwiri zobala mfundo yachitatu) ndi matebulo a choona ndi chonama mpaka dzanja lizolowere. Mabuku omwewo adzakuthandizani pa mayeso olowera. Chingerezi nachonso chiyambeni pang'onopang'ono, poti zambiri zaulere zili m'chinenero chimenecho, ndipo kwanuko simusowa wochilankhula.

Chotsala ndi cha pakhomo, ndipo kwa inu n'cholemera kuposa mmene chinalili kwa ine. Ine pobwera usiku ndinkapeza nsima ili pambale. Inu mudzabwera n'kupeza ana akudikira kuti muphike. Khalani pansi ndi bambo a kunyumba musanalipire ngakhale metikali imodzi, muwauze kuti lisensiatura ndi zaka zinayi, mugwirizane kuti ola liti patsiku ndi lanu ndipo ndani adzagwira mphika pa ola limenelo. Mukhale ndi m'bale mmodzi, mchemwali kapena azakhali, amene akudziwa ndipo wavomera kuthandiza nthawi ya mayeso. Ndalama za propina muziyamba kupatula mukagulitsa kachewere, zikhale pazokha, zisasakanikirane ndi za feteleza. Achibale onena kuti ndi za ansembe musakangane nawo. Mukadzakhala pa mlandu wa banja n'kuthandiza anthu kusiyanitsa chimene akudziwa ndi chimene akungoganizira, adzaona okha.

Tsamba la miyambi iwiri ija mukalemba, nditumizireni kumbali, ndidzaliwerenga ndi pensulo ndipo sindidzakunyengererani. Apologia ndili nayo yosindikiza, masamba ake ndi akuda ndi zala zanga za kuntchito koma mawu onse akuoneka. Ndiuzeni tsiku limene mudzatsikire ku Ulónguè, ndidzabwera nayo pamsika.