Amakangana koma akugulitsanabe katundu

Achimwene mwafunsa kuti ngati America ndi China sagwirizana chonchi nanga bwanji malonda sakutha? Nkhani yake ndi yoti chuma chawo chinalukana kalekale, atasiyana lero onse awiri angalire. Pulezidenti Nixon waku America anapita ku Beijing mu 1972 kukakumana ndi Mao, mtsogoleri wa China nthawi imeneyo, ma embassy anadzatsegulidwa mu 1979, koma zinthu zinasintha zedi mu 2001 China italowa WTO, bungwe loona za malonda pakati pa mayiko, makampani aku America anathamangira ku China poti antchito anali otchipa, mpaka pano ma iPhone ambiri amalumikizidwa mu mzinda wa Zhengzhou ku China pa fakitale ya kampani ya Foxconn. Kwawo ku America mafakitale a mipando ndi nsalu anatsekedwa, anthu ntchito zinawathera, ndiye mkwiyo umenewo Trump anaugwiritsa ntchito mu 2018 pokweza misonkho pa katundu waku China. China inabwezera pa soya nkumakagula ku Brazil, alimi aku Iowa ku America anatsala naye mnkhokwe mpaka boma linachita kuwapatsa ndalama.

Koma ine chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi Taiwan. Beijing imati chilumbacho ndi chake, America imagulitsako zida zankhondo, komanso ma chip apamwamba ambiri, tizipangizo tomwe timayendetsa mafoni ndi makompyuta, amapangidwa komweko ndi kampani ya TSMC. Nkhondo itabuka kumeneko ngakhale foni ya mu Limbe idzakwera mtengo.