Petulo akupanikizika kwambiri mu Porsche 944

Funso: Porsche 944 yanga ya 1984 ikutulutsa utsi wakuda, ikumwa petulo modetsa nkhawa, ndipo mapulagi achita mwaye. Makaniko atayika geji yoyezera kupanikizika kwa petulo anapeza 4 bar. Ndisinthe pampu? Wowerenga wanu, Johannesburg.

Yankho: Pampu ilekeni kaye, bambo. Iyo imangotumiza petulo wambiri. Chomwe chimabweza wotsala ku thanki ndi regulator ya pa fuel rail (paipi yogawira petulo mu injini). Pa injini imeneyi geji iyenera kuonetsa pafupifupi 2 bar injini ikulira payokha, ndi 2.5 bar mukazula kapaipi ka vacuum (kamene injini imakokera mpweya pa regulator). Kapaipi kameneka kakang'ambika kamangowonjezera theka la bar, choncho 4 bar ikuloza kwina: regulator yakakamira, kapena paipi yobwezera yatsekeka.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Injini itazizira, zulani fyuzi ya pampu, lizani galimoto mpaka izime yokha. Chotsani paipi yobwezera pa regulator, lumikizanipo ina yolowera m'chigubu, bwezerani fyuzi, lizaninso. Geji ikatsika, vuto lili m'paipi: yapindika, yaphwanyika pansi pa galimoto, kapena labala yake yafufuma mkati ndi ukalamba. Ikakhalabe pamwamba, gulani regulator ina ya 2.5 bar. Chitirani izi panja, chozimitsira moto chili pafupi.

Pomasula chivundikiro cha poyika geji, samalani: muli kampira kachitsulo kotseka petulo, ndipo kakagwa simukaonanso.

Mukakonza, sinthaninso oyilo. Petulo wosapsa amatsikira m'menemo n'kumusungunula.