Saundi ya Benz, BMW ndi Lexus ikwere koma osaboola chitseko: mayankho ochokera pa Luchenza

Mwezi uno pa shedi yanga pano pa Luchenza pabwera mafunso ofananafanana kuchokera kwa mabwana a galimoto zodula zija, nde pakamwa pauma ndikubwereza zomwezomwezo, bola ndingoyankha kamodzi.

Bambo ena aku Chitakale akuti: "Amisiri, ndili ndi Benz E-Class ya 2007, mkati zonse ndi zobadwa nazo, chikopa ndi timatabwa take. Koma saundi ndi yozizira, bezi palibe. Mnyamata wina akuti tichotse wailesi tiike sikirini ya Android ndi masipika a 6x9 kumbuyo. Ine sindikufuna mkati musinthe. Zitheka?"

Zitheka bwana, koma mnyamatayo musamupatse kaye kiyi. Galimoto yanuyo ndi W211, ija anapanga kuyambira 2002 mpaka 2009, ndipo wailesi mukuiona pa dashibodiyo siimba yokha ayi, iyo ndi nkhope chabe. Chimene chimakankha masipika, ampu, chili mu buti, kumanzere kuseri kwa kapeti, ndipo ziwirizi zimalankhulana kudzera pa kachingwe ka pulasitiki kodutsa kuwala, amati MOST. Si waya wa kopa umenewo. Mukakasolola pa pulagi nkuyatsa wailesi muona kakuthwanima kofiira kunsonga. Nde vuto lake nlakuti kachingweka kamayenda mozungulira ngati unyolo, kuchoka pa wailesi, kupita pa ampu, pa CD changer, pa kabokosi ka foni, nkubwerera, ndiye pakaduka pamodzi basi zonse zii, olo sipika imodzi siilira.

Ndinaziona ndi maso izi. Inabwera Benz ina yotere itakhala miyezi yambiri ili duu, mwini wake atauzidwa kale kuti ampu yapsa agule ina. Nditakweza kapeti ndinapeza kachingwe ka orenji kaja kadulidwa ndi pulayala, wina anakasenda kufuna kopa, atamusowa anangolumikiza nsonga ziwirizo nkumanga ndi tepi wakuda bwinobwino ngati bala. Ampu inalibe vuto lililonse. Kachingwe katsopano, wailesi pompo inadzuka, mwini wake kuseka ngati wawina maere.

Nde njira yake ndi iyi, wailesi isiyeni pomwepo, mabatani a pa chiwongolero azigwirabe ntchito, ntchito yonse ichitike kuseri komwe maso safika. Chimene timawonjezera ndi kabokosi kokonza ndi kugawa mawu kotchedwa DSP, ena amabwera ndi ampu mkati momwemo, kukula kwake ngati buku la nyimbo la kutchalitchi, kamabisala mu buti momwemo. Saundi timaitenga pawiri, kapena pa mawaya a masipika pamene akutuluka mu ampu ya fakitale, kapena, ngati thumba likulola ndipo kalipo kogwirizana ndi galimoto yanu, pa kachingwe ka kuwala komweko pogwiritsa ntchito adaputa, monga za mObridge kapena Audison. Yachiwiriyi ndi yoyera kwambiri koma ndi yoitanitsa kunja, simungaipeze mu msika wa Limbe. Ndipo muumirire kuti mmisiri agwiritse mapulagi olowetsa pakati, osadula waya wa galimoto olo umodzi, kuti tsiku logulitsa mungosolola zanu galimoto ibwerere mmene inabadwira.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangoika ampu wamba. Chifukwa chake nchoti saundi yochokera ku fakitale imakhala yopindidwa kale. Opanga galimoto amadziwa kuti masipika awo ndi ofooka, nde mawailesi ambiri amachepetsa bezi mukamakweza voliyumu kuti asang'ambike, komanso ngati yanu ili ndi saundi ya kampani ya Harman Kardon ampu imagawa mawu, tinthu tosongoka kupita uku, mawu apakati uku, bezi uko. Ampu wamba imangokuza zopindikazo. DSP imasonkhanitsa zonse, kuziwongola, kenako nkugawanso mwatsopano.

Koma chimene ine chimandisangalatsa pa DSP si bezi. Kuno timakhala kumanja poyendetsa, sipika yakumanja ili pa bondo pomwepa pamene yakumanzere ili kutali, nde mawu akumanja amayamba kufika mkhutu, woimba amamveka ngati wabisala mu chitseko chanu. Mawu amayenda masentimita pafupifupi 34 pa millisecond imodzi, gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi. Timatenga tepi yoyezera, kuchoka pamutu pa dalaivala kufika pa sipika iliyonse, kulowetsa manambalawo pa laputopu, yapafupi ija nkuichedwetsa pang'ono kuti zonse zifike limodzi. Mukayatsa mumangomva woimba wasamuka, wakhala pakati pa dashibodi. Anthu amatsika nkuyang'ana ngati ndaika sipika ina penapake, eti.

Za ma 6x9 zo iwalani. Kuboola shelefu ya kumbuyo ya Benz ndi kulakwa, ndipo nyimbo zimayenera kuchokera kutsogolo osati kukhosi.

Ndipo ndisanaiwale, musanagule chilichonse yambani ndi zitseko. Galimoto yoti yakhala ikuyenda misewu ya m'maesiteti a tiyi muno, kukwera kutsika mu miyala, timakilipi ta chitseko timakhala tathyoka theka, chitsulo chikunjenjemera limodzi ndi sipika nkumadya bezi yonse. Timachotsa chikuto cha chitseko mosamala ndi zotsegulira za pulasitiki, osati sikuludiraiva chonde, kumata mapepala a butyl pa chitsulo mkati, kubwezeretsa pulasitiki yotchinga madzi ija, makilipi atsopano, kutseka. Kunja simuona kusintha kulikonse koma mukagogoda chitseko chimayankha kuti di di mmalo mwa ngwe ngwe. Osalola zomata za phula zotchipa, mu Okutobala zimasungunuka nkununkha galimoto yonse. Mphete zokhazikapo sipika zikhale za pulasitiki. Za thabwa la MDF zimagwira ntchito kwina kouma, koma kuno ndi chiperoni chathuchi zimafufuma ngati mandazi chaka chisanathe. Ndipo mukaona pulagi yachikasu mu chitseko kapena pansi pa mpando, imeneyo ndi ya airbag, osaigwira kiyi ali on.

Achimwene ena aku Bvumbwe akuti: "BMW 320i F30, ndikufuna bezi koma buti ndimanyamuliramo katundu, chibokosi ayi."

Inu nde muli ndi mwayi achimwene. BMW inaika kale malo a bezi pansi pa mipando iwiri yakutsogolo, pa E90, mtundu wakale wa galimoto yanuyo, chimodzimodzi, muli malo a mawufa, masipika a bezi, a mainchesi 8 ophwatalala, ndipo mu zitseko muli timasipika ta mainchesi 4. Makampani ngati Focal, Eton ndi Match amapanga olowa ndendende mmalo momwemo, zomangira zomwezo, pulagi yomweyo. Kumasula mabawuti a mpando, kupendeketsa, kuchotsa kagilili, kusintha, basi. Kungoti wufa watsopano pa wailesi ya fakitale yopanda ampu sasintha zambiri, amafuna chakudya, nde kaampu kakang'ono ka DSP kafunikabe. Ngati pa kona ya galasi loonera kumbuyo palibe ka twita, kasipika ka mawu osongoka, ndiye kuti yanu ndi ya saundi yotsikitsitsa ija, gulani tizikuto ta BMW tomwe tili ndi malo a twita, timaoneka ngati tobadwa nato.

Bezi yake ndi yaukhondo, yogunda pachifuwa, koma ngati mukufuna yogwedeza mawindo a anthu pa Thunga ngati minibasi, imeneyo siyochokera pansi pa mpando, ndikuuzirenitu.

Pa magetsi samalani. Batire ili mu buti, ndipo pa mutu wa negativu pali kasensa kowerenga magetsi olowa ndi otuluka. Waya wa ground wa ampu musamange pa mutu wa batire kudumpha kasensako, kompyuta ya galimoto imasokonezeka pa kachajidwe, mangani pa bodi, pa chitsulo chopalidwa penti. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, isapitirire masentimita 30 kapena 40. Ampu yotulutsa mawatsi 500 enieni ikamakoka mwamphamvu imadya ma amp cha mma 45, si masewera amenewo. Ndipo mawaya ambiri onenepa okongola mumagula aja ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, palani ndi mpeni muona mkati moyera, komanso amapepuka mmanja. Amenewo mu chinyontho amachita ufa woyera nkumatentha. Gulani wa kopa weniweni olo adule.

Mayi ena aku Thyolo boma akuti: "Lexus yanga ili ndi saundi ya Mark Levinson, sipika yakumbuyo ikupwepweta bezi ikagunda. Ndigule ya Pioneer ndiike?"

Dikirani kaye mayi. Nthawi zambiri sipikayo siinapse, changofumbwa ndi kasiponji kozungulira mmphepete mwa pepala lake. Lexus inayamba kuika Mark Levinson cha mu 2001, nde zambiri zimene zikuyenda kuno siponjiyo yakalamba, dzuwa la pa galasi lakumbuyo kuphatikiza chinyontho, mukaigwira imangoyoyoka ngati chigumu chouma. Imeneyo imamatidwa ina, sipika nkukhalanso moyo, ndipo mtengo wake ndi wochepa kutalitali poyerekeza ndi yatsopano. Kankhani pepalalo pang'onopang'ono ndi zala mofanana mbali zonse, likamayenda osakhula ndiye kuti koyilo ili bwino.

Kuika ina mwachisawawa nkoopsa chifukwa masipika ambiri a Mark Levinson ndi a ma ohm okwera, 8 kapena kuposa, pamene za mushopu zambiri ndi 4. Mukaika ya 4 pamalo pa yokwera, ampu imakakamizika kutulutsa magetsi oposa amene inapangidwira, imatentha, tsiku lina nkuzima, ndipo ampu imeneyo kuipeza ndi nkhani ina. Mmisiri ayeze yakaleyo ndi mita asanagule kanthu. Mita imaonetsa nambala yotsikirako pang'ono, sipika ya 4 imawerenga 3 ndi kenakake, asadabwe.

Wina sanatchule kwawo, akuti Toyota Crown yake yochokera ku Japan imangogwira mawailesi awiri atatu, komanso ilibe Bluetooth yoimbira nyimbo.

Siinaonongeke aise. FM yaku Japan pa galimoto zakalezo imayambira 76 kulekeza 90, pamene kuno tili pa 87.5 mpaka 108, nde mukungokumana pakagawo kochepako. Pali kachipangizo kotchedwa band expander kolowa pa waya wa eriyo kuseri kwa wailesi, sikaoneka, kungoti nambala ya pa sikirini siigwirizana ndi yeniyeni, muzolowera. Bluetooth nayo ilipo yolowa pa AUX kapena pa pulagi ya CD changer kumbuyo. Tija tolowetsa poyatsira fodya totumiza nyimbo pa FM tisiyeni, timalira mphepo. Sikirini ya Crown musachotse, pa zambiri ndi momwe muli mabatani a AC.

Lomaliza ndi la bwana wina wa ku esiteti cha ku Mulanje: "Anandiikira sabu, sipika ya bezi ija, yobisika pa tayala la sipeya, ikumveka bho injini ikazima, koma ndikaliza pakubwera phokoso."

Funso langa nlakuti phokoso lanji bwana, chifukwa alipo awiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ngati ndi kakulira kosongoka, kokwera mukaponda mafuta nkutsika mukasiya, ameneyo ndi alternator akulowa mu saundi. Onani ground poyamba, mwina anamanga pa bawuti ya penti kapena ya dzimbiri, kenako onani ngati waya wa saundi sanaugoneke limodzi ndi wa magetsi ulendo wonse.

Koma ngati ndi chimkokomo chapansi, wuuu, chodzaza mmutu, makamaka mawindo ali otseka ndipo chikubwera olo voliyumu ili pa ziro, ndiye kuti galimoto yanu ili ndi timaikolofoni kudenga tomvera phokoso la injini. Galimoto imatulutsa mawu otsutsana nalo pa masipika kuti mkati mukhale bata. Nde sabu yanu ikutenga mawu amenewo nkuwakuza, timaikolofoni nkumvanso, nkubwezanso, kumangozungulira. Yesani kutsegula chitseko injini ikulira, pa galimoto zambiri chimkokomocho chimasiya pompo, mukatero mwagwira wakuba. Kukonza kwake ndi kuzimitsa dongosolo limenelo, kwina ndi kompyuta kwina ndi kusolola pulagi yake, koma fufuzani bwino musasolole maikolofoni ya foni.

Poti sabu yanu ili pa tayala la sipeya, chitaniponso ichi mvula isanayambe: chotsani kapeti, wina athire madzi ndi payipi pa buti ndi padenga kwa mphindi zingapo inu mukuyang'ana ndi tochi. Timapaipi totulutsa madzi a sunroof timatsekeka ndi masamba ndi fumbi, labala wa magetsi akumbuyo amauma, ndipo madzi onsewo amakathera mu dzenje la sipeya momwe mwaika katundu wanuyo. Mukapeza chinyezi, ampu ikwezeni pa kathabwa ka pulasitiki kumbali, ndipo bwerani nayo Loweruka mmawa tidzatsegule timapaipito ndi waya wa makina otchetchera udzu.