Ndalama zasiliva za agogo: musazikweche, yambani mwawerenga chaka

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo. Akuti posanja katundu wa malemu agogo awo anapeza kachitini ka ndalama zachitsulo zakale. Zambiri ndi za ku Britain, mashilingi ndi ma half crown (ndalama ya mashilingi awiri ndi theka) okhala ndi nkhope za mafumu George V ndi George VI, koma pali imodzi yaikulu, yolemera, ya nkhope ya mzimayi, yolembedwa chaka cha 1780. Zonse zinada. Akufunsa kuti: "Ndizitsuke kaye ndi mankhwala kuti ziwale ndisanapite nazo kwa ogula? Nanga ya 1780, poti ndi yakale chonchi, si ndiye chuma chenicheni?"

Zikomo amayi pofunsa musanachite kanthu, chifukwa ambiri amafunsa zinthu zitaonongeka kale. Chonde musazikweche, musazipake mankhwala, ngakhale kuzipukuta ndi kansalu musatero. Ndalama ikamapangidwa, chidindo chimaimenya mwamphamvu moti chitsulo chimayenderera n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizere timeneti ndi timene timachititsa ndalama yosagwiridwagwiridwa kunyezimira mukamaitembenuza pa kuwala, ndipo tikafufutika sitibwereranso. Mankhwala amadya khungu lapamwamba la siliva, nsalu imasiya tizipsera, ndipo wodziwa ntchito yake akangoika ndalamayo pansi pa galasi lokulitsa zinthu amazindikira nthawi yomweyo. Kuda kumene kukukunyansaniko kumabwera siliva akakumana ndi salufa wa mumpweya kwa zaka zambiri. Kwa osonkhanitsa ndalama zakale, umenewo ndi umboni woti ndalamayo palibe anaisokoneza. Makampani a PCGS ndi NGC a ku America, amene ntchito yawo ndi kuyeza ndalama zakale, yotsukidwa saipatsa nambala ya giredi yosonyeza mmene ndalamayo ilili. Amangolemba kuti inatsukidwa, ndipo mtengo umagwera pomwepo. Zimandiwawa kuona ndalama imene inapirira zaka 100 ikuonongedwa madzulo amodzi ndi munthu wa zolinga zabwino.

Tsopano za mtengo. Ndalama yasiliva ili ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi wa siliva amene ali m'kati mwake, ndipo umenewu mukhoza kuuwerengera nokha. Ndalama za ku Britain zopangidwa chisanafike chaka cha 1920 zili ndi siliva wokwana 92.5 peresenti. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha siliva anakwera mtengo, boma linamuchepetsa kufika pa 50 peresenti, ndipo zinakhala choncho mpaka 1946. Kuyambira 1947 anasiyiratu, n'kumapanga za mkuwa wosakaniza ndi nikeli. Ndiye shilingi ya George VI ya 1945 ili ndi siliva, pamene ya 1948, ngakhale ikuoneka chimodzimodzi, mulibe ndi pang'ono pomwe. Half crown imalemera magalamu 14.14: ya 1915 ili ndi siliva wa magalamu pafupifupi 13, ya 1935 magalamu 7. Shilingi ndi magalamu 5.66. Siliva amagulitsidwa pa muyeso wa troy ounce, womwe ndi magalamu 31.1, ndipo mtengo wake wa tsiku ndi tsiku umapezeka pa intaneti. Mukaphatikiza magalamu onse a siliva wanu n'kugawa ndi 31.1, kenako n'kuchulukitsa ndi mtengo wa troy ounce imodzi, mwadziwa poyambira. Wogula amadula pang'ono kuti naye apeze phindu, koma wokupatsani theka la mtengowo akukuberani.

Ndisakubisireni, ndalama zambiri za m'zitini ngati chanu zimathera pa mtengo woyambawu. Zinapangidwa mamiliyoni, zinayenda m'manja mpaka kuperepeseka, ndipo zilipo zambiri kuposa ozifuna.

Mtengo wachiwiri, wa osonkhanitsa, ndi umene umasokoneza anthu, chifukwa amaganiza kuti umachokera ku ukale. Ayi ndithu. Ndalama zina zasiliva za mafumu a ku Roma, za zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, zimagulidwa motchipa chifukwa zimafukulidwa zambirimbiri m'mitsuko imene eni ake anakwirira. Pamene dola ya ku America yotchedwa Morgan ya 1893, yokhala ndi kachilembo ka S kosonyeza kuti inasulidwa ku San Francisco, anthu amalimbirana chifukwa zinapangidwa 100,000 zokha. Dola yomweyo ya 1921 ndi ya wamba. Siliva wake ndi wofanana, chithunzi chofanana, kusiyana kuli pa chaka ndi kachilembo kamodzi. Wosonkhanitsa amafuna kukhala ndi chaka chilichonse, ndiye chaka chosowa ndi chimene amalipirira.

M'chitini chanu, yang'anani ma half crown a 1925 ndi 1930, amene ndi osowerapo pakati pa a George V. Ngati mwalowerera wa mfumu Edward VII wa 1905, muikeni padera, chifukwa anapangidwa osakwana 170,000. Koma wa 1905 yemweyo ndi amene achinyengo amakonda kupanga wabodza, ndiye musasangalale msanga asanamuone katswiri.

Chachiwiri pa mtengowu ndi mmene ndalamayo ilili. Ogula ambiri amagwiritsa ntchito muyeso woyambira pa 1 mpaka 70, umene anauyambitsa William Sheldon, katswiri wa ndalama zakale wa ku America, mu 1949. Pa 1 ndi ndalama yongozindikirika movutikira, kuyambira pa 60 ndi imene sinagwirepo ntchito pamsika. Inu yang'anani malo otukuka, monga tsitsi la mfumu pamwamba pa khutu ndi ndevu za George V, chifukwa ndi amene amayamba kutha. Shilingi ya chaka cha wamba yoperepeseka ndi siliva basi, koma ya chaka chomwecho imene tsitsi lililonse likuoneka ikhoza kugulidwa kuwirikiza kangapo.

Tibwere ku ya 1780. Malinga ndi mmene mwaifotokozera, imeneyo ndi Maria Theresa thaler ya ku Austria. Mfumukazi Maria Theresa anamwalira chaka chomwecho cha 1780, koma amalonda a ku Arabia ndi ku Ethiopia anali ataizolowera ndalamayi moti ina sankaikhulupirira. Choncho anapitiriza kuisula osasintha chaka. Inasulidwa ku Vienna, komanso nthawi zina ku Rome, London, Paris, Brussels ndi Bombay, ndipo ku Austria akuisulabe mpaka lero, chaka chake 1780 chomwecho. Zonse pamodzi ndi mamiliyoni mazanamazana. Ndiye mwina yanuyo inapangidwa m'ma 1930, osati m'nthawi ya mfumukaziyo. Imeneyi si ndalama yabodza, ndi siliva weniweni wa 83.3 peresenti, wolemera magalamu 28, kutanthauza siliva wa magalamu oposa 23. Pali mitundu ina yoyambirira imene akatswiri amaizindikira ndi tizizindikiro ting'onoting'ono ndipo imakwera mtengo, koma ndi yochepa. Kwa ine mbiri yake ndi yokoma kuposa mtengo wake, ndipo ndikanakhala inu imeneyi ndikanasunga.

Zoyesera pakhomo ndi ziwiri. Sikelo yaing'ono yowerenga magalamu imathandiza kwambiri: ndalama yotha imapepukako pang'ono chabe, ikapepuka kapena kulemera ndi galamu yathunthu kuposa muyeso wake muikayikire. Maginito sagwira siliva, ndiye ikamamatira ndi yabodza. Kusamamatira kokha si umboni, poti za mkuwa ndi nikeli zija nazonso sizimamatira. Musaipale ndi mpeni kapena kuidonthezera asidi.

Pozigwira, gwirani m'mbali mwake ndi manja ouma. Zichotseni m'chitini momwe zikukhulana, iliyonse ikhale m'kaenvulopu kakekake, pamalo opanda chinyezi. Pewani timatumba ta pulasitiki yofewa ya PVC, timene timasiya zobiriwira zomata pa ndalama. Lembani chaka cha iliyonse, muzigawe patatu: za 1919 kubwerera m'mbuyo, za 1920 mpaka 1946, ndi za 1947 kupita m'tsogolo. Jambulani mbali zonse ziwiri za zimene zikuoneka zakuthwa kapena za zaka zosowa zija, ndipo mumve mtengo kwa ogula awiri kapena atatu musanavomere. Wina akati agule chitini chonse pa sikelo asanayang'ane zaka, mukaneni mwaulemu. Mukamaliza kulemba mndandandawo nditumizireni pamodzi ndi zithunzi, tidzaonere limodzi zoyenera kupita kwa katswiri.