Ampuyo musagulitse, achimwene

Achimwene, musagulitse ampu, chokuzira mawu a gitala, chifukwa choti mkulu wa bandi wanena kuti gitala yamagetsi si ya jazz. Mawu omwewo ndinauzidwapo ine, ndipo ndikakumbuka mtima umawirabe.

Unali ukwati, holo itadzaza. Solo yanga, gawo loimba ndekha, ndinaikonzekera milungu itatu, zala mpaka matuza. Nthawi yanga itakwana ndangokhudza nsambo kanayi, zii. Kucheuka, mkulu uja waya ali nawo m'manja, wazula. Akuti ndikuphimba malipenga. Ine zala zikuyendabe ngati wamisala, palibe chomveka, ana akutsogolo ali gwa kuseka, malaya anyowa thukuta. Mayi wina wa perekaniperekani anandiponyera kandalama kachisoni, osandiyang'ana n'komwe. Ndiye munthu yemweyo madzulo n'kundidula malipiro, ati sindinaimbe mokwanira! Wazula ndani? Sindinabwererenso ku bandi imeneyo.

Chondinyansa n'choti amadzitcha katswiri koma mbiri saidziwa. Kale ku America gitala inkangokhala kumbuyo kusunga kayendedwe ka nyimbo, chifukwa malipenga ndi ng'oma zinkaimeza. N'chifukwa chake mabandi oyambirira ankakonda banjo, yolira kwambiri. Kampani ya Gibson itatulutsa gitala yamagetsi ya ES-150 mu 1936 zinthu zinatembenuka. Eddie Durham anajambula nyimbo ndi gitala yamagetsi mu 1938. Kenako Charlie Christian, mnyamata wokulira ku Oklahoma City, analowa bandi ya Benny Goodman mu 1939. Nayenso Goodman poyamba sanamulabadire, John Hammond, wojambulitsa nyimbo, anachita kumukweza pa siteji mozemba. Mnyamatayo ankaliza nsambo imodziimodzi, mzere wautali ngati wa saxophone, ndipo chifukwa cha ampu holo yonse inkamva. Akaweruka ankapita ku kalabu ya Minton's Playhouse ku Harlem, mu mzinda wa New York, kukaimba mpaka mbandakucha ndi anthu ngati Thelonious Monk ndi Kenny Clarke, komwe bebop, mtundu watsopano wa jazz, inkaphikidwa. Chifuwa chachikulu chinamutenga mu 1942 ali ndi zaka 25 zokha. Wes Montgomery, katswiri wina wa jazz, anaphunzira gitala poloweza masolo a Christian. Ndiye wina aziti si jazz?

Komabe musakangane nawo akuluwo, ntchito ikusowa masiku ano. Tsitsani voliyumu, muziikweza pa solo pokha. Freddie Green anakhala mu bandi ya Count Basie zaka pafupifupi 50 akuimba gitala yopanda magetsi, masolo osawafuna n'komwe, koma bandi yonse inkatsamira pa iye. Kunena zoona mwina tsiku lija ndinakwezadi mopitirira, ampu inali yobwereka ndiye ndinatengeka. Koma kuzula ayi. Yanuyo muziiika pafupi ndi mwendo wanu, wayayo muziuponda.