Njinga yachitatu ya kabaza: ndigule ya petulo kapena ndidikire ya batire?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene ali ndi njinga zamoto ziwiri za kabaza komanso kagalaja kokonzera njinga. Ndaifupikitsa, koma funso lake ndi ili:

"Mwana wanga amandionetsa mavidiyo pa foni akuti dziko lonse likusiya petulo, magalimoto ndi njinga zikuyendera magetsi. Ine ndasunga ndalama zoti ndigule njinga yachitatu, ndipo mnyamatayu ndimafuna aphunzire umakaniko ngati ine. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi nkhani za azungu zomwe kuno sizidzafika? Ndigule kapena ndidikire?"

Bambo, zikomo polemba. Mwana wanu sakunama. Kungoti mavidiyowo amakonda kujambula magalimoto onyezimira a ku Ulaya ndi ku America, pamene kusintha kumene kudzagogode pakhomo panu kukuchitikira kwina, ndipo kukubwera pa matayala awiri, osati anayi.

Dziko limene limatchulidwa kwambiri ndi Norway. M'chaka cha 2024, pa magalimoto 100 atsopano alionse amene anagulidwa kumeneko, pafupifupi 89 anali oyendera batire lokha. Musaganize kuti anthu ake anangodzuka tsiku lina atagwidwa ndi chikondi cha chilengedwe. Boma lawo linachotsa misonkho pa galimoto yamagetsi kwa zaka zambiri, n'kusiya msonkho wowawa pa ya petulo, moti wogula akawerengera ankapeza kuti yamagetsi ndiyo yotchipa. Magetsi awonso ambiri amachokera ku madzi. Chimene chimandiseketsa n'chakuti mbali yaikulu ya chuma cha Norway imachokera ku mafuta ndi gasi zimene amakumba pansi pa nyanja n'kugulitsa kwa ena. Dziko lolemera chotere, la anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, silingatiuze zambiri za mawa lathu. Tilisiye.

Kumene kuli nkhani ndi ku China. Mu 2024 padziko lonse panagulidwa magalimoto amagetsi oposa 17 miliyoni (kuphatikizapo aja otchaja koma okhalanso ndi injini ya petulo), ndipo oposa 11 miliyoni mwa amenewa anagulidwa ku China kokha. Mzinda wa Shenzhen unali utasintha kale mabasi ake onse, oposa 16,000, kukhala amagetsi pofika kumapeto kwa 2017. Chifukwa chopanga mabatire mochuluka chonchi, mtengo wake unagwa. Mu 2010 batire losunga kilowati-awala imodzi ya magetsi (yuniti imodzi ija timagula pa mita) linkadula madola oposa 1,000, koma pofika 2024 linali pafupifupi madola 115. Nambala iyi ndiyo yofunika kuposa zonse zimene ndikuuzeni lero, chifukwa batire ndilo limadulitsa chilichonse choyendera magetsi. Litatsika mtengo, chinthu chimene chinali cha mabwana chinayamba kufika kwa munthu wonyamula anthu ndi katundu. Ku India, tinjinga ta matayala atatu tonyamula anthu m'tauni, toposa theka mwa tatsopano timene tikugulidwa tsopano ndi ta batire. Amene akugula si anthu olemera ayi. Ndi anzanu a ntchito ngati yanu, amene amawerengera phindu la tsiku dzuwa likamalowa.

Kuno ku Africa zayambanso, ndipo chikuzikankha si chifundo pa mitengo ndi mbalame. Ndi ndalama zakunja. Kumayambiriro kwa 2024 dziko la Ethiopia linaletsa kuitanitsa magalimoto ang'onoang'ono a petulo ndi dizilo. Ethiopia alibe doko, mafuta amagula kunja ndi madola amene alibe okwanira, koma ali ndi damu lalikulu pa mtsinje wa Blue Nile, limene linatsegulidwa mu Seputembala 2025 ndipo lingathe kutulutsa mamegawati oposa 5,000. Boma linaona kuti ndi bwino kuyendera chimene lili nacho kusiyana ndi kupempha madola chaka ndi chaka. Sikuti zonse zayenda bwino: malo otchajira ndi ochepa kunja kwa Addis Ababa, ndipo anthu ambiri akumudzi alibe n'komwe magetsi m'nyumba. Koma maganizo amenewa sangakhale achilendo kwa munthu amene anagonapo pamzere wa mafuta, kapena amene anaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Lita iliyonse imene anyamata anu amathira yayenda ulendo wautali kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo yalipiridwa ndi madola.

Koma chitsanzo chanu chenicheni ndi Kigali ndi Nairobi. Kuyambira Januwale 2025, mzinda wa Kigali ku Rwanda unasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo pa ntchito ya kabaza. Zakale zikuyendabe, koma wolowa kumene ntchitoyi ayenera kubwera ndi yamagetsi. Kumeneko kampani ya Ampersand inayamba mu 2019 kuyendetsa njinga za batire, ndipo makampani ena monga Spiro ndi Roam akuchita malonda a njinga zotere m'mayiko ngati Kenya, Uganda, Benin ndi Togo. Ku Nairobi kulinso mabasi amagetsi a BasiGo amene akunyamula anthu m'misewu ya mumzinda.

Mmene zimayendera m'malo ambiri ndi motere. Wakabaza sadikira kuti batire lidzaze, chifukwa kutchaja kumatenga maola angapo ndipo amene wakhala pansi maola atatu masana wataya makasitomala. Batire likatsala pang'ono kutha amapita pa siteshoni, amachotsa lakutha, amamupatsa lodzaza, amalipira pa foni, n'kumapita. Mphindi zochepa basi. Zili ngati mmene timachitira ndi botolo la chakumwa pa golosale: umasiya lopanda kanthu, umalipira za m'kati zokha. Njira iyi inatchuka ku Taiwan ndi kampani ya Gogoro kuyambira 2015. Ubwino wake ndi wakuti wogula njinga salipira batire, ndiye mtengo wa njingayo umayandikira wa ya petulo.

Nanga phindu limachokera pati? Inu monga makaniko mukudziwa kale kuti injini imatentha mpaka kuwotcha mwendo wa kasitomala. Kutentha kumeneko ndi ndalama zanu zikuuluka. Pa mphamvu ya mu petulo, gawo loposa magawo awiri mwa atatu limathera kutentha ndi utsi, pang'ono chabe ndi pamene pamafika ku tayala. Mota yamagetsi imafikitsa ku tayala gawo lalikulu la mphamvu imene yalandira. Onjezerani kuti palibe oyilo wosintha, palibe pulagi, palibe kabureta yotsuka, palibe mapisitoni ndi maring'i. Munthu amene njinga yake imangopita kuntchito ndi kubwerera sangaone kusiyana msanga. Koma ya kabaza imayenda kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ndiye kochepa kamene wapulumutsa pa kilomita iliyonse kamachuluka mwezi usanathe. N'chifukwa chake kusinthaku kukuyambira pa akabaza ndi mabasi, osati pa galimoto za mabwana.

Tsopano mbali imene mavidiyo sanena, ndipo apa ndipempha mumvetsere bwino. Ngati batire si lanu, ndiye kuti njinga yanu imayenda pokhapokha mwini batire akafuna. Petulo mungagule pa siteshoni iliyonse, ngakhale wa m'zigubu m'mbali mwa msewu pakavuta. Batire la kampani ina nthawi zambiri sililowa mu njinga ya kampani ina. Kampaniyo ikakweza mtengo wosinthira, mulibe kothawira. Ikatseka siteshoni ya m'dera lanu, kapena ikagwa n'kuchoka m'dziko, mwatsala ndi chitsulo chokongola pakhonde. Komanso njinga zambiri zoterezi zimagulitsidwa pa ngongole yolipira tsiku ndi tsiku, ndipo zili ndi kachipangizo kouza kampani pamene njinga ili. Ena amatha kuizimitsa ali mu ofesi mukangolephera kulipira, monga zimachitikira ndi mafoni ndi masola a ngongole. Lero inu ndinu bwana, anyamata amabweretsa tageti kwa inu madzulo. M'dongosolo latsopanoli pamwamba panu pamakhala bwana wina amene simudzamuona nkhope, ndipo iye sadwala, samva za maliro. Sindikuti n'zoipa zokhazokha, pakuti ngongole zotere zathandiza achinyamata ambiri kukhala ndi njinga yawoyawo. Ndikungoti ndalama imene inkapita kwa ogulitsa mafuta tsopano ikusaka mwini watsopano, ndipo si nthawi zonse pamene imathera m'thumba la woyendetsa.

Chachiwiri ndi magetsi enieniwo. Kenya zikumuyendera chifukwa pafupifupi 90 peresenti ya magetsi ake imachokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka ku Olkaria, ku madzi, ku mphepo ndi ku dzuwa, ndiye gwero lina likafooka ena amagwirizira. Ife magetsi athu ambiri atsamira pa mtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita nthawi yoposa chaka asanabwerere. Abale athu ku Zambia anaona zoposa apa mu 2024, chilala chitachepetsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi akuzima mpaka maola 20 pa tsiku m'madera ena. Kusintha kwa nyengo komwe kukuchititsa mayiko kuthawa petulo ndi komwenso kukugwedeza madamu amene timadalira. Chotonthoza n'chakuti batire la njinga ndi laling'ono poyerekeza ndi la galimoto, moti siteshoni yokhala ndi masola okwanira padenga ingathe kudzaza mabatire masana popanda kudikira magetsi a m'mawaya. Dzuwa tili nalo, ndipo munda wa masola wa ku Salima wa mamegawati 60 unaonetsa kale kuti n'zotheka.

Za chilengedwe ndinene mwachidule. Utsi wa mumsewu umachepadi, ndipo woyamba kupindula ndi mnyamata amene amaupuma tsiku lonse kumbuyo kwa maminibasi. Koma walira mvula walira matope. Batire limafuna miyala ya pansi. Pafupifupi 70 peresenti ya cobalt ya padziko lonse imakumbidwa ku DR Congo, makamaka kuzungulira Kolwezi, kumene anthu ena amakumba ndi manja m'maenje oopsa. Graphite akukumba ku Balama ku Mozambique, lithium ku Bikita ku Zimbabwe, ndipo kwathu kuno maso a makampani ali pa Kasiya, Kangankunde ndi Songwe Hill. Zambiri mwa zimenezi zimapita ku China kukayengedwa, n'kubwerera kuno zili batire lodula. Zimbabwe inaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayenga mu Disembala 2022 pofuna kuti ntchito ina itsale kwawo. Nkhani imeneyi ndi ya tsiku lina, koma dziwani kuti njinga imene mwana wanu akuisirira pa foni mwina mbali yake inachokera m'nthaka ya kuno konkuno.

Kodi petulo atha liti? Si posachedwa. Pofika kumapeto kwa 2024, magalimoto amagetsi anali asanafike n'komwe 5 pa 100 alionse amene anali pamsewu padziko lonse, ndipo galimoto imakhala zaka 15 kapena 20 isanatayidwe. Ife timagula zimene ena atopa nazo, makamaka za ku Japan zodzera ku Dar es Salaam, ndipo Japan anakonda kwambiri mahaibulidi (galimoto zokhala ndi injini ya petulo komanso mota ya batire) kuposa za batire lokha. N'chifukwa chake mukuona ma Aqua ndi ma Fit akuchuluka m'tauni. Mainjini adzafuna okonza kwa zaka zambiri ndithu.

Choncho za mnyamata wanu, musamuchotse pa galaja. Matayala, mabuleki, mabering'i, mashoko ndi mafelemu opindika pa mabampu zidzakhalapobe, kaya njinga ndi ya petulo kaya ya batire. Koma musamuphunzitse zimene inu mukudziwa zokha. Apite akaphunzire zamagetsi: kuwerenga mita yoyezera magetsi, kutsata waya pamene wadukira, kumvetsa kabokosi kolamulira mota, kuika masola. Aphunzirenso kuopa batire la lithium, chifukwa likaboowoka kapena likatchajidwa ndi tchaja yachinyengo limayaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo ku London ndi ku New York anthu afa m'nyumba ndi moto wa mabatire a njinga. Luso limeneli silidikira njinga zamagetsi kuti zifike. Mahaibulidi ali kale pamsewu ndipo eni ake amavutika kupeza makaniko wosachita zongoyerekeza.

Za njinga yachitatu, maganizo anga ndi awa. Ndalama ya kabaza siyenera kugona pansi pa pilo pamene kwacha ikuchepa mphamvu, ndipo njinga yogwira ntchito tsiku lililonse imabweza ndalama zake kusintha kwakukulu kusanafike. Ngati m'dera limene anyamata anu amayenda mulibe malo osinthira kapena otchajira odalirika, gulani ya petulo mtima uli m'malo. Koma wina akabwera kudzakutsatsani yamagetsi, musamuthamangitse, ndipo musakopekenso ndi utoto. Mufunseni kuti batire ndi la ndani. Mufunseni kuti limayenda makilomita angati litanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga pa chitunda, osati pa pepala, pakuti ambiri safika makilomita 100. Masiteshoni ali angati, ndipo magetsi akazima amatchaja ndi chiyani? Masipeya ali m'dziko muno kapena mudzadikira sitima? Nanga kampaniyo itatseka mawa, njingayo ingatchajidwe pa soketi ya kunyumba? Akayankha zonsezi mosazemba, pemphani kuti akubwerekeni imodzi kwa mwezi, muipereke kwa wakabaza wanu wokhulupirika, ndipo muzilemba m'kabuku zimene yadya ndi zimene yabweretsa, pambali pa za njinga ziwiri zija.