Ndasintha mapadi, koma mabuleki akulira tswiii

Funso: Amisiri, masabata awiri apitawo ndinasintha mapadi akutsogolo a Toyota Corolla yanga. Sindinagule a orijino, ndinagula ogulitsidwa padera, ndipo ndinamanga ndekha. Galimoto ikuima bwinobwino, koma ndikaponda buleki pang'ono, makamaka ndikatsala pang'ono kuima, kumanja kukulira tswiii mpaka anthu kucheuka. Ndikaponda mwamphamvu phokoso likutha. Madisiki sindinasinthe. Kodi ndiwabweze mapadiwa?

Yankho: Musawabweze kaye, achimwene. Mapadi a mbali zonse ziwiri anatuluka m'bokosi limodzi, ndiye vuto likanakhala iwowo bwenzi kukulira konsekonse. Poti kukulira kumanja kokha, ine ndikuloza chala kalipa ya kumanjako (chitsulo chimene chimapanikiza mapadi pa disiki), makamaka mapini ake ndi bulaketi imene mapadi amakhalamo. Ndinalibeko pomwe mumamanga, koma zimene munachita ndikuzidziwa: munamasula bawuti, n'kutukula kalipa, n'kusolola mapadi akale, kubweza pisitoni, kulowetsa atsopano, kumanga, kukasamba m'manja. Mapini simunawakhudze. Galimoto zobwera ndi dandaulo limeneli ndaziona zosawerengeka, ndipo zambiri nkhani yake imathera pamenepo.

Kulira kuja ndi kunjenjemera. Padi imagwira disiki n'kuterereka, kugwira n'kuterereka, kopitirira ka 1,000 pa sekondi imodzi, ndipo disiki imalira ngati belu. Mukaponda mwamphamvu, pisitoni imapanikiza zonse pamodzi, kunjenjemera n'kusowa mpata. Mukaponda pang'ono, padi yokhala mopendama imangokhudza ndi nsonga, ndiye nyimbo yayamba.

Kalipa ya galimoto yanu ili ndi pisitoni imodzi yokha, mbali ya mkati. Pisitoniyo ikakankha padi yamkati, kalipa yonse imatsetsereka pa mapini awiri kuti ikoke padi yakunja. Pini imodzi ikauma, kalipa imayenda motsimphina, mbali ina kutsogola, ina kutsalira. Mapadi akale sankalira chifukwa anali atadyeka mogwirizana ndi kupendamako. Atsopanowa ndi osalala bwino, ndiye akungogwira pangodya.

Chotsani tayala, tukulani kalipa, musaisiye ikulendewera pa payipi ya mafuta a mabuleki, ikoleni ndi waya. Gwirani pini iliyonse ndi zala ziwiri, muikankhe, muikoke, muizungulitse. Iyenera kulowa ndi kutuluka mofewa, osakakamira pena paliponse. Mukafuna pulayala kuti ituluke, mwapeza wakubayo. Yerekezani ndi mapini a kumanzere kumene sikukulira, kusiyana mukumva m'zala momwemo. Pini ikatuluka, yang'anani zimene zamatirira. Girizi wouma ngati phula, kapena wofiira ndi dzimbiri, ndiye kuti madzi ankalowa, ndipo alowera pa kamphira kotchinga fumbi kaja. Katambasuleni pa kuwala. Kang'alu kakang'ono ngati ka lezala n'kokwanira kuononga pini, ndipo mukabwezeretsa kamphira komweko mudzakhala mukumasulanso mvula ikadzangogwa kawiri. Pini ya dzimbiri la pamwamba chabe ipukuteni ndi sandipepala wosalala kwambiri mpaka iwale. Yodyeka maenje itayeni, gulani ina. Dzenje lomwe pini imalowamo ndi limene anthu amaiwala: amanyezimiritsa pini, n'kuibweza m'dzenje lodzaza matope omwe aja. Lowetsanimo kansalu kokulunga pa sikuludiraiva, mupopere mankhwala otsukira mabuleki, mubwereze mpaka kansaluko katuluke koyera.

Girizi ndiye pamene ndimakangana ndi anthu. Pa mapini pamafunika girizi wa mabuleki wa silikoni. Girizi wamba wa mabeya amatupitsa mphira, ndipo pa galimoto zambiri pini imodzi ili ndi kamphira kumapeto kwake. Kakatupa, pini imagwira gwa, kuposa mmene inalili musanaiyambe. Pini ya kamphirayi ili ndi dzenje lakelake, ndiye tulutsani imodziimodzi kuti musasinthanitse. Pakani pang'ono chabe. Mukadzaza dzenje, mpweya umatsekeredwa mkati, pini n'kumabwerera yokha ngati sipuling'i, padi n'kumakhula disiki njira yonse.

Mapadi akale ngati simunataye, atengeni, ndi mboni zanu. Yamkati ikakhala yodyeka kwambiri kuposa yakunja, kapena imodzi ikakhala yonenepa uku n'kupyapyala uku, mapini anauma kalekale.

Musanamange, masulaninso bulaketi. Timalata tonyezimira tomwe makutu a mapadi amatsetserekapo tichotseni, muone pansi pake. Dzimbiri limafufuma pamenepo n'kukankhira timalatato m'mwamba, mpata wa padi n'kuchepa. Palani ndi bulashi ya waya kapena tupa mpaka chitsulo chioneke. Lamulo langa n'loti padi ilowe ndi chala chachikulu, ndipo iziyenda uku ndi uku ndi chala chomwecho. Ngati munachita kuimenya ndi hamala kuti ilowe, simunamange buleki, munakhoma msomali. Mapadi otchipa amandikwiyitsa pomwepa: makutu ake amadulidwa mosalongosoka, penti n'kuunjikana. Palani pentiyo ndi tupa pang'ono, koma musadye chitsulo, chifukwa padi yolowa mogwedera imayamba kulira ko! ko! mukamasintha kupita kutsogolo ndi kumbuyo.

Nanga mashimu munawaika? Ndikunena timalata topyapyala tokhala kumsana kwa padi. Ntchito yake ndi kumeza kunjenjemera kusanafike ku kalipa. Mapadi ambiri otchipa amabwera opanda, ndipo eni galimoto amataya a orijino pamodzi ndi mapadi akale poganiza kuti ndi zinyalala. Ngati alipo ndipo sanadyeke ndi dzimbiri, atsukeni muwabwezeretse. Pakani girizi wa mabuleki wochepa zedi kumsana kwa padi ndi m'makutu mwake. Kumaso kwa padi ndi pa disiki, ngakhale kadontho ayi.

Zotsalazo n'zongoyang'ana mwachangu. Disiki yakale imakhala ndi mlomo m'mphepete, ndipo padi yatsopano ikhoza kumakhula mlomowo. Ngati disiki ili ndi mizere yoti chikhadabo chikukodwa, ikapalidwe pa makina kapena isinthidwe, koma muyeze kaye: pa disikipo panalembedwa MIN TH ndi nambala ya mamilimita, ndiwo malire a kupyapyala kwa disiki, ndipo ikafika pamenepo palibenso zopala. Lata lotchinga fumbi kuseri kwa disiki limapindika msanga munthu akaligunda ndi sipanala, liwongoleni ndi dzanja. Onaninso kuti kawaya kochenjeza kuti mapadi atha sikanapindikire ku disiki. Manati a tayala amangeni modumphitsa, pa Corolla ndi 103 Nm pa sipanala yoyezera mphamvu yomangira, osati kudumphira pa sipanala ndi mwendo.

Mukamanga, pondani buleki kangapo galimoto isanasunthe, mpaka pedulo ilimbe. Kenako zoloweretsani mapadi, chinthu chimene ndikutsimikiza kuti simunachite. Pezani msewu wopanda anthu, fikani pa liwiro la makilomita 60 pa ola, pondani molimbirako mpaka mutsike pa 10, koma osaima. Bwerezani ka 8 kapena ka 10, kenako muyende mphindi zingapo osaponda buleki kuti zizizire. Potero padi imasiya kansalu kake kopyapyala pa disiki mofanana ponseponse. Mukaima n'kupondereza buleki disiki ili yotentha, padi imadinda chithunzi chake malo amodzi, mawa mudzabwera ndi dandaulo lina la chiwongolero kunjenjemera. Ndipo poti mwayenda kale masabata awiri, mapadi anu mwina ayamba kunyezimira ngati galasi. Yalani sandipepala wa nambala 120 pamalo osalala, mukhulepo nkhope ya padi mpaka kunyezimirako kuchoke. Fumbi lake musalipeme ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa, si labwino m'mapapo.

Funso: Mnzanga wina akuti ndingopopera mafuta ofewetsa dzimbiri pa disiki, phokoso litha.

Yankho: Litha ndithu, pamodzi ndi buleki. Padi imamwa mafuta ngati siponji, ndipo yamwa yamwa, sitsukika. Ngati mwapopera kale, mapadiwo atayeni onse a kutsogolo, disiki muitsuke ndi mankhwala otsukira mabuleki. Mnzanuyo musamubwereke galimoto.

Funso: Nanga ndikachita zonsezi n'kumalirabe?

Yankho: Apo ndiye tiyambe kuwaimba mlandu mapadi, ndipo nthawi zambiri akakhala iwo kumalira mbali zonse. Mapadi okhala ndi zitsulo zambiri mkati amapirira kutentha komanso katundu wolemera, koma ndi aphokoso ndipo amadya disiki. A seramiki amakhala chete, fumbi lawo n'lochepa, ndipo pa galimoto yaing'ono yoyendera tsiku ndi tsiku ndi amene ine ndimasankha. Tembenuzani padi muione nkhope. Yabwino kawirikawiri imakhala yosemedwa mopendama kumapeto konse kuwiri, ina imakhalanso ndi kamzere kodulidwa pakati. Ikakhala yosasemedwa ngati njerwa, nsonga zake zakuthwa, mukhoza kuzisema pang'ono ndi tupa, nthawi zina zimathandiza. Koma ngati chosakaniza chake n'chouma ngati mwala, palibe girizi kapena shimu imene ingachiritse.

Musamve ngati ndikunena kuti mapadi onse ogula padera ndi oipa. Makampani ngati Akebono, Textar, Ferodo ndi TRW amapangira mapadi makampani opanga galimoto, ndipo amagulitsanso m'mabokosi awo. Amene ndimadana nawo ndi aja opanda dzina, opanda nambala kumsana, penti ikuchoka ndi chikhadabo. Pogula yang'anani chilembo E chili m'kabwalo ndi nambala yoyamba ndi 90R. Chimenecho chikusonyeza kuti anayesedwa pa muyezo wa ECE R90, umene umafuna kuti kagwiridwe kake kasasiyane ndi a orijino kupitirira 15 peresenti. Muyezowo ukunena za kuima kwa galimoto, sukulonjeza kuti sadzalira, komabe mumadziwa kuti wina anawayesa.

Funso: Yanga imalira m'mawa mokha ndikangonyamuka, kenako imasiya. Ndichite chiyani?

Yankho: Palibe, mayi. Chinyezi cha usiku chimasiya kadzimbiri pa disiki, ndipo mukaponda kawiri katatu kamachoka. Mudzabwere mukamva kukhula kwa chitsulo ndi chitsulo, kapena galimoto ikamakokera mbali imodzi poponda buleki, kapena rimu imodzi ikamatentha kuposa zinzake mukayenda kamtunda kochepa. Zikatero musadikire mawa, ndipo poyambira ndi pa mapini pomwe paja.